Mpando Wosadula Miyendo

A Everson Chitemwa anagwira ntchito ku Capital Hill zaka makumi atatu, ndipo msana wawo unapindikira pa mpando wa boma umene sunawakwane n'kamodzi komwe. Chimene ankafuna n'chakuti mwana wawo Mayankho adzakhale pa mpando wofewa, mu ofesi yakeyake. Choncho mnyamatayo atasiya koleji m'chaka chachitatu n'kuyamba kupala matabwa, bambowo analumbira kuti phazi lawo silidzaponda kumeneko.

Shedi imene Mayankho ankagwiriramo ntchito inali ku Old Town, kuseri kwa sitolo ya a Harilal. Ankagawana malowo ndi mnzake Yunusu, wosoka makushoni. Njira yachidule yochokera kudepoti kupita kumsika inkadutsa pakhomo pomwepo, koma a Chitemwa ankazungulira kutali, thukuta lili kamukamu, kuopa kumva kulira kwa sowo.

Akazi awo, a Consolata, ankapitako Loweruka lililonse. Ankabwera kunyumba utuchi uli m'chitenje.

"Bambo a Mayankho, tiyeni mukangoona. Mwanayu sakhoma mabenchi ayi. Amayamba wajambula, n'kumuyeza munthu ngati telala."

"Ukalipentala ndinkaupeza kwathu ku Nathenje osalipira fizi," ankayankha motero, maso ali pa nyuzipepala.

Tsiku lina mayiwo anawazunguliza chingwe kumsana ndi m'miyendo, akumanga mfundo apa ndi apo. Anati n'cha thalauza la Khirisimasi. Thalauzalo silinaoneke, ndipo a Chitemwa anaiwala.

Zaka zitatu zinatha chomwecho. Kenaka a Consolata anadwala sabata ziwiri zokha, n'kutsikira kuli chete. Pamaliro bambo ndi mwana anagwirana chanza ngati anthu okumana mu minibasi. Mayankho anabwerera ku shedi, bambo ake anatsala m'nyumba imene tsopano inawakulira.

Patapita mwezi, akulongedza zovala za malemu, anapeza kakiyi komangidwa pa kansalu, kolembedwa kuti "kwa Maya", dzina limene mayiwo ankaitanira Mayankho. Akanatha kutuma munthu. Koma m'mawa mwake anavala jekete, ndipo atatsika kudepoti, miyendo inakana kuzungulira.

Yunusu ndiye anawaona poyamba. Anachotsa singano pakamwa n'kuimirira.

"Takulandirani, bambo. Nkhope sindikuidziwa, koma msanawo ndaudziwa."

A Chitemwa asanamvetse chimene ankatanthauza, Mayankho anatulukira kuseri kwa matabwa, pensulo ili kukhutu. Anali atawonda. Manja ake anali okhakhala ngati a agogo ake a ku Nathenje.

"Adadi."

"Ndabweretsa kiyi wa amako. Sindikhalitsa."

Mayankho anatenga kiyiyo n'kutsegula kachipinda ka pakona. Munali mipando iwiri ya mlombwa. Wina unali waufupi, mikono yake itachita kuwala chifukwa chogwiridwagwiridwa. Winawo unali wotakata, msana wake wopindika pang'ono kumanzere, koma miyendo yake inali yaitali modabwitsa. Pa mkono wake panalendewera chingwe cha mfundo chija.

"Uwu ndi wa amayi. Ankakhala pamenepa n'kumandinena kuti sindidya. Anakana kupita nawo kunyumba. Ankati idzatuluka limodzi, iwiri."

"Nanga uwu? Wapangira nyamalikiti?"

Mayankho anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene misozi ili pafupi.

"Miyendo sindidula mwini wake asanakhalepo. Chingwe chimanena kutalika kwa munthu, koma sichinena mmene amakhalira akatopa. Wakhala ukudikira zaka ziwiri ndi theka."

A Chitemwa anayang'ana mpando waufupiwo nthawi yaitali. Anawerenga mumtima Maloweruka onse amene akanakhala pambali pake, iwo akuzungulira ndi thukuta kumsika. Palibe mmisiri akanawabwezera amenewo.

"Amako anali abodza," anatero motsitsa. "Anati thalauza."

Anavula jekete, n'kupatsa Yunusu. Anakwera pa mpando wautaliwo movutikira, ndipo mapazi awo analendewera m'malere ngati a mwana wa sukulu ya mkaka. Koma msana wawo, umene unawawa zaka makumi atatu, unapeza pogona. Thabwa linawalandira pamalo penipeni popweteka.

Mayankho anagwada n'kuyamba kuika timatabwa pansi pa nsapato za bambo ake, kamodzikamodzi, mpaka mapazi anakhazikika.

"Musaumitse thupi, Adadi. Simuli pamaso pa bwana. Khalani ngati mmene mumakhalira mukatopa."

Bambowo anatsitsa mapewa. Dzanja lawo linapita pa mkono wa mpando wa akazi awo, lina linatera pamutu pa mwana wawo, pamene panali utuchi.

"Udule bwino," anatero. "Ndipo Loweruka ndibwera ndi chakudya. Wawonda."

Mayankho sanadzutse mutu. Anachotsa pensulo kukhutu n'kulemba mzere pa mwendo woyamba.

Akulu anaona kale zotere pamene anati khotekhote ngwa njira, kwalinga mtima n'komweko.