Mafuta a Mpendadzuwa pa Mfuti ya Yotamu

Panali munthu wina, dzina lake Yotamu, amene ankakhala m'mudzi woyang'anana ndi nkhalango. Pakati pa mudzi ndi nkhalangoyo panali dambo, ndipo m'dambomo munali madimba a anthu. Nyama zinkatuluka kudzadya nawo osapempha, monga mwa khalidwe lake. M'mudzi monsemo mfuti inali imodzi, ya paipi imodzi, yothyola pakati poika chipolopolo, ndipo chiphaso chake chinali m'dzina la Yotamu. Nguluwe zikalowa m'chinangwa, anthu ankathamangira kwa iye. Fisi akazolowera khola la mbuzi, kwa iye komweko.

Mfutiyo anamusiyira ndi malume ake, pamodzi ndi malamulo a kadzozedwe kake. Malumewo ankati chitsulo chili ndi mafuta akeake. Pa kanyundo kamene kamamenya chipolopolo, ndi pa kachitsulo kokoka ndi chala, pamafunika mafuta amadzimadzi onga a makina osokera, dontho limodzi pansonga ya nthenga ya nkhuku. Girisi ndi wa pothyolera pokha, pamene zitsulo ziwiri zimakhudzana mwamphamvu, ndipo nayenso wochepa, chifukwa akakumana ndi fumbi amasanduka matope. Za mafuta ophikira malumewo sankafuna n'kumva komwe. Ankati amenewo ndi a m'mimba.

Yotamu anasunga malamulowo zaka zambiri, ndipo mfuti sinamuchititsepo manyazi. Vuto lake linali pakamwa. Akaona munthu akudzoza chitsulo molakwika sankatha kudutsa mwakachetechete. Tsiku lina anapeza mlamu wake Lufeyo, mwamuna wa mlongo wake Esinati, akudontheza mafuta ophikira pa tcheni cha njinga pamaso pa anthu.

"Alamu," anatero Yotamu, "njingayi mukufuna kuikazinga? Nanga anyezi ali kuti?"

Anthu anaseka mpaka misozi. Lufeyo nayenso anaseka, pakuti anali munthu wosasunga zinthu kukhosi. Kuyambira tsiku limenelo m'mudzimo munkadziwika kuti pa nkhani ya mafuta palibe woposa Yotamu, ndipo iye mbiri imeneyo ankaikonda kwambiri.

Chaka china mvula inachuluka. Mlatho wopita kumsika unakokoloka. Sabata yomweyo botolo la Yotamu la mafuta a mfuti linagwa kuchokera pakhoma n'kusweka. Chinyezi chinalowa m'nyumba, ndipo patapita masiku anayi Yotamu anaona timadontho ta dzimbiri pa kanyundo. Anazungulira m'mudzi ndi maso okha, osafunsa, chifukwa munthu wophunzitsa anzake za mafuta angapemphe bwanji mafuta? Anabwerera kunyumba, anatseka chitseko, natenga botolo la mafuta a mpendadzuwa limene linali pa mbale za mkazi wake. Anadziuza kuti ndi za sabata imodzi yokha.

Ine pa tsiku limenelo sindimuweruza. Dzimbiri linali litayamba kale, mlatho kunalibe. Nanenso ndikanatha kuchita chimodzimodzi, ndipo ena mwa inu mukanathira ndi mchere womwe.

Koma mafuta ophikira ali ndi chinyengo chake. Amawalitsa chitsulo kuposa mafuta enieni. Mfuti ya Yotamu inanyezimira monga sinanyezimirepo, ndipo anthu ankaima panjira kuiyamikira. Iye ankangogwedeza mutu, n'kuwonjezera dontho lina sabata yotsatira. Zimene zinkachitika mkati palibe ankaziona. Mafuta amenewa akakhalitsa pa chitsulo amayamba kulimba, kenako amamata ngati ulimbo.

Mvula itatha mlatho unakonzedwa. Yotamu anapita kumsika, nagula mafuta oyenera. Chinatsala n'kumasula mfuti, kutsuka zamkati ndi palafini, n'kudzoza mwatsopano. Tsono ntchito imeneyi siichitika m'nyumba. Tizitsulo take n'tating'ono, timafuna kuwala kwa panja ndi mkeka woyala bwino. Ndipo nthawi zonse Yotamu akayala mkeka, amuna a m'mudzimo ankabwera kudzakhala mozungulira kuti aphunzire. Akanaona phala lachikasu likutuluka m'mfutimo, akananunkhiza, akanadziwa. Choncho botolo latsopano linakhala pakhoma losatsegulidwa. Yotamu ankati mawa, mawa likafika n'kunenanso kuti mawa.

Inafika nyengo yotentha, mphepo ikuulutsa fumbi mpaka m'mano. Yotamu anaponda chitsa kumunda, phazi linatupa, nakhala pakhomo. Tsiku lina masana, chifukwa chosowa chochita, anatenga mfuti yopanda chipolopolo, nakoka kanyundo, nakasiya. Kanagwa bwino. Anayesanso, kanagwa bwino. Kachitatu kanatsika mwaulesi, ngati munthu wotopa amene akukhala pansi. Ankadziwa tanthauzo lake: kanyundo kaulesi kamangokanda chipolopolo, sikachiphulitsa. Anabwezera mfuti pamalo pake, nati phazi likaphwa ayala mkeka, aone amene aone.

M'mawa mwake kunabwera Lufeyo ndi amuna ena awiri. Anati m'bango la kudimba mwalowa njati, yokhala ndi waya wa msampha kumwendo, yolusa chifukwa cha ululu. Amayi anali atatha masiku awiri osathirira, ndipo matimati a Esinati anali atayamba kufota. Lufeyo ankadziwa kuwombera, chifukwa ankaperekeza mlamu wake kokasaka nguluwe kawirikawiri.

"Alamu, phazi lanulo simungayende nalo," anatero Lufeyo. "Ndibwerekeni mfuti. Koma ngati ili ndi kavuto mundiuze, titumize uthenga kwa alonda a nkhalango, tidikire. Matimati akafa tidzadzala ena."

Mmodzi mwa amuna aja anaseka. "Mukufunsa za mfuti ya a Yotamu? Taonani mmene ikuwalira. Munthu atha kumetera ndevu pamenepo."

Apa ndi pamene nkhaniyi imandiwawa. Mawu anali atafika kale pakamwa pa Yotamu. Akanangoti, "Alamu, ndinalakwitsa mafuta, dikirani ndiitsuke." Akanamuseka, n'zoona. Akanamufunsa za anyezi. Anayang'ana amuna awiri aja, nakumbukira kuti kanyundo kanagwa bwino kawiri mwa katatu, ndipo anadziuza kuti kawiri si pang'ono.

"Ili bwino, alamu," anatero. "Tengani."

Lufeyo anailandira ndi manja awiri, nathokoza, nanyamuka ndi anzake aja.

Kudimba sikunali kutali. Mfuti ikalira kumeneko, m'mudzi monse munkamveka. Yotamu anakhala pakhonde, phazi atalisanjika pa mpando, khutu lili kudambo. Anamva mayi wina akusinja kuseri kwa nyumba. Anamva ng'ombe zikupita kubusa. Dzuwa linakwera mpaka mthunzi wa khonde unamuthawa, iye osasuntha. Anapemphera kuti amve kulira kwa mfuti kamodzi kokha. Sikunamveke. Chimene chinamveka, patapita nthawi, chinali kulira kwa amayi kuchokera kunjira ya kudambo.

Amene anaona anafotokoza kuti Lufeyo anachita zonse bwino. Anayenda motsutsana ndi mphepo, anafika pafupi, ndipo njati itadzuka m'bango iye sanathawe. Anaima, analoza, anakoka. Mfuti inangoti khe, basi. Nthawi yokokanso kanyundo panalibe.

Anabweretsa mtembo pa machira a mitengo, mfuti akuinyamula wina pambuyo. Atathyola mfutiyo anapeza chipolopolo chili chosaphulika, kumbuyo kwake kuli kachizindikiro kakang'ono ngati ka chikhadabo. Wina anati chipolopolocho chinali chakale. Wina anati chinalowa chinyezi nthawi ya mvula. Akuluakulu anati tsiku lake linali litakwana. Za mafuta palibe anatchula, pakuti ndani akanaganizira Yotamu pa nkhani ya mafuta? Pamaliro anthu ankabwera kudzamugwira dzanja, kumupepesa kuti wataya mlamu wabwino. Njati ija anadzaipha alonda patapita masiku atatu.

Maliro atatha, anthu atabalalika, Yotamu anayala mkeka kuseri kwa nyumba. Anamasula mfuti, nathira palafini m'mbale yakale. M'kati munatuluka phala lachikasu losakanikirana ndi fumbi, lonanda m'zala, lonunkha ngati poto wosatsuka. Anatsuka kachitsulo kalikonse, napukuta, nadontheza mafuta oyenera ndi nthenga. Ntchito yonseyo sinathe n'ola limodzi lomwe. Anakoka kanyundo, kanagwa mwamphamvu. Anakokanso kakhumi, ndipo kakhumi konse kanagwa mwamphamvu. Pamenepo ndi pamene analira, kulira kumene sanalire kumanda.

Mlongo wake Esinati anamupeza ali chomwecho. Anali atameta kale tsitsi la maliro. Anakhala pansi pamphepete pa mkeka, nayang'ana mchimwene wake nthawi yaitali.

"Achimwene, musadzizunze," anatero. "Inu munachita mbali yanu. M'mawa uja ine ndinawaletsa bambo a kunyumba, ndinagwira malaya awo pakhomo. Iwo anaseka, n'kundiuza kuti, 'Usaope, mayi. Ndatenga mfuti ya alamu.'"

Yotamu anapitiriza kupukuta chitsulo chimene chinali chitayera kale.

Tsono inu amene mukuyamba ntchito ya ulonda wa nkhalango, mawa mulandira mfuti, aliyense ndi kabotolo kake. Za mafuta mwamva: amadzimadzi pa zoyenda, girisi pang'ono pothyolera, ndipo a kukhitchini asiyireni ndiwo. Zimenezo n'zosavuta, ngakhale wogona m'kalasi uja kumbuyoko wazigwira. Ndikudziwanso kuti tsiku lina botolo lidzasweka muli kutali, ndipo mudzachita chimene simunaphunzitsidwe. Pa chimenecho sindidzakudani.

Koma lidzafika tsiku limene mnzako adzatambasula manja kuti alandire mfuti kwa iwe, n'kukufunsa kuti, "Ili bwino?" Iye sadzaona zamkati. Adzaona nkhope yako, n'kukhulupirira. Ngati ukudziwa kanthu, kanene pomwepo, ngakhale pali anthu, ngakhale ndiwe amene umaphunzitsa ena. Akuseke mwezi wathunthu ngati akufuna, koma madzulo a tsiku limenelo akafike kwa mkazi wake akuyenda ndi miyendo yake.