Mkamwini wa Pakhoma la Amfuko

Kalekale, nyama zikadayankhula, Nankhoma mwana wa Mfuko anakondana ndi Bilimankhwe. Koma amake anakanitsitsa.

"Sindipereka mwana kwa munthu wongomumva m'mbiri," anatero Amfuko. "Akuti ali ndi mitundu yonse. Ndimuone kaye."

Apa panali povuta. Amfuko sankatuluka kudzenje, dzuwa linkawalasa m'maso. Nayenso Bilimankhwe sakanalowa, paja mkamwini ndi apongozi sayang'anizana.

Nankhoma anazira khoma la m'dzenjemo ndi dothi loyera. Anaitana ziphaniphani zitatu zapachibale, china chowala mofiira, china mobiriwira, china mwabuluu ngati thambo, nazilonjeza chikho cha uchi. Anapemphanso Gogomole kuti akhale pamtengo, aziona Bilimankhwe n'kumagogoda, kugogodako kuziuza ziphaniphani powalitsa kwambiri ndi powalitsa pang'ono, kuti chithunzi cha Bilimankhwe chioneke pakhomapo.

Koma uchi, anzanga, umadanitsa abale. Aliyense ankaufuna yekha, poganiza kuti wowala kwambiri ndiye aulandire.

Gogomole go go go! Wofiira anakankha anzake n'kuwalitsa yekha. Pakhoma panaoneka Bilimankhwe ali psuu.

"Mayo! Wangomwa magazi uyu!" anakuwa Amfuko.

Go go go! Wobiriwira analowererapo yekha.

"Mwana wanga, ukufuna kukwatiwa ndi ndiwo zamasamba?"

Go go go! Wabuluu nayenso yekha.

"Uyu ndiye anamwalira dzana. Basi, ukwati palibe."

Nankhoma mtima unamuwawa, koma sanalire. Anagwada nati, "Amayi, kamodzi kokha." Kenaka anatembenukira ziphaniphani zija.

"Tamverani, atsikana. Uchiwu ndipatsa amene amayi alephere kumuloza."

Ha! Aliyense anayamba kubisala m'kuwala kwa mnzake. Gogomole akagogoda, zonse zitatu zinkawalitsa pamalo amodzi, n'kuthamanga khoma lonse mzere ndi mzere, mofulumira moti diso silinkazitsata. Pamene Wofiira anagundana ndi Wobiriwira panatuluka chikasu. Pamene anakumana onse atatu panayera mbee. Pamene onse anazima panada bii, ndipo pamenepo panakhala diso.

Bilimankhwe uja anaima pakhoma wathunthu, msana wobiriwira, m'mbali mwachikasu, pakhosi pofiirira, akuponda monyada monga mwa masiku onse.

"Amayi, Wofiira ali pati?" anafunsa Nankhoma.

"Wofiira wakenso uti? Tandisiya ndione munthu!"

Amfuko anasendera pafupi, kukamwa kuli yasa. Nthawi yomweyo kunja kuja Bilimankhwe anatembenuza diso, Gogomole n'kugogoda, diso la pakhoma nalonso n'kutembenuka, kulunjika Amfuko.

Amfuko anafunda chitenje kumutu n'kuthawira kuseri kwa mtondo.

"Pepani akamwini, sindinadziwe kuti mukundiona!"

Nankhoma anaseka mpaka misozi, chifukwa mawu akuti akamwini anali atatuluka, ndipo mawu akatuluka sabwerera. Ukwati unachitika mwezi womwewo. Uchi uja ziphaniphani zinagawana, poti panalibe amene analozedwa, ngakhale Wofiira mpaka lero amati anawala kwambiri ndi iye.

Mwamva, ana inu? Wofuna kuwala yekha amaipitsa chithunzi, koma mukaphatikiza kuwala kwanu pamatuluka mitundu imene aliyense payekha alibe. Mutu umodzi susenza denga.

Nthano yanga yathera pomwepa. Thamangani mukaphule mbatata, isanapserere.