Njinga Imene Inakutidwa ndi Pulasitiki

Panali munthu wina ku Zomba, m'munsi mwa phiri, amene ankagulitsa njinga zakale limodzi ndi mkulu wake. Sizinali njinga za kabaza kapena zonyamulira makala. Zinali zija zokwerera m'mapiri, za matayala onenepa, ndi zing'onozing'ono zija za BMX zimene ana a mabwana ankayendera kalekale. Njinga zotere anthu amaziiwala m'magalaja, m'mashedi a kumishoni, kapena pa mulu wa zitsulo zogulitsa pa sikelo. Abale awiriwa ankazifunafuna kumeneko.

Ntchito anagawana. Wamng'ono anali ndi pakamwa, ndiye ankayenda, kunenerera ndi kupeza ogula. Wamkulu anali ndi manja. Ankaphwasula njinga mpaka kutsala felemu yokha, n'kutsuka kachitsulo kalikonse m'palafini, n'kuibwezera mwakale mosathamanga. Penti yoyambirira sankaichotsa ngati ikadalipo, chifukwa okonda njinga zoterezi amafuna kuti zaka zake zizioneka. Sanali wolankhulalankhula. Wamng'ono ankati adzaphunzira kumanga magudumu nthawi ikadzapezeka, koma nthawiyo sinkapezeka.

Tsiku lina anatola BMX ya chitsulo chonyezimira ngati galasi, ya mtundu wosowa. Wamkulu anaikonda. Anamaliza felemu, anamanga gudumu lakumbuyo, n'kuyamba lakutsogolo. Masipoko analowetsa mbali imodzi, mbali inayo ili yosayamba. Kenako anati mutu ukumupweteka, adzamaliza mawa. Anakamugoneka kuchipatala, ndipo ku shopu sanabwererenso.

Maliro atatha, wamng'ono anatsegula shopu. Anapeza gudumu lija pabenchi monga mwini wake analisiyira. Kenako anakagula pulasitiki wakuda wofolerera nyumba, anakuta njinga ija pamodzi ndi gudumu lake losatha, anamanga ndi malegeni mwamphamvu, n'kuipachika kudenga. Ankafuna kuti fumbi lisaigwere, ndipo dzanja la munthu lisafufute pamene dzanja la mkulu wake linakhudza.

Panali bambo wina waimvi, dalaivala wopuma pantchito, amene anali atagwirizana ndi malemuyo kuti njingayo ikatha adzaigula. Ali mwana ankaonera njinga yotere kunja kwa mpanda wa nyumba imene bambo ake ankagwirako ntchito ya m'maluwa, ndipo sanaikwerepo. Anabwera kudzapepesa. Atatha kupepesa anafunsa za njinga.

"Siyogulitsanso, bambo," anatero wamng'ono uja.

"Ndamva," anayankha dalaivalayo. "Ndizidutsabe."

Ndipo ankadutsadi, kupereka moni, osafunsanso.

Dzinja linafika. Ku Zomba mvula ikayamba, nkhungu imatsika m'phiri n'kulowa m'nyumba ngati mlendo wozolowera. Dzinjalo linapita, lina linayamba. Shopu inkayenda movutikira, chifukwa magudumu ankawatumiza kwa amisiri ena. Mtolo wakuda uja unali kudenga.

M'mawa wina kunabwera mkazi wa malemu.

"Alamu, njinga ya akulu anu ija ili kuti?"

Iye analoza kudenga.

"Imeneyo? Ine ndimayesa ndi belo la fodya. Mwamuna wanga tinamuika kamodzi kumanda, inu mwamuikanso kudenga?"

"Ndikuisunga, alamu."

"Itsitseni. Munthu uja ankandigonthetsa m'khutu poitamanda, ngati wapeza mkazi wachiwiri. Ndimuoneko mkazi mnzangayo."

Anaitsitsa. Atamasula malegeni, m'pulasitiki munatuluka madzi ndi fungo la nguwi. Pulasitiki amatchinga mvula ya kunja, koma amatsekeranso chinyezi m'kati, ndipo chitsulo chimatuluka thukuta mumdima. Aliyense wa ntchito ya njinga amadziwa zimenezi. Iyenso ankazidziwa. Chisoni chinamuiwalitsa.

Felemu inali ndi mathothomathotho a dzimbiri. Gudumu lakumbuyo linali bwinobwino, chifukwa malemuyo gudumu lililonse limene wamaliza ankalipaka oilo. Koma lakutsogolo linali lisanapakidwe. Masipoko ake anali atafiira, ndipo dzimbiri linali litayamba kulowerera m'timabowo ta habu, chitsulo chapakati chimene gudumu limazungulirapo. Masipoko amagulidwa paliponse. Habu ya mtundu umenewo sakanaipezanso. Dzinja lina limodzi lokha likanaitsiriza habuyo, ndipo njinga yonse ikanasanduka chitsulo cha pa sikelo.

Mayi uja anayang'anitsitsa gudumulo. Kenako anafunsa motsitsa mawu, "Akanakhalapo eni ake, akanatani?"

"Akanadula masipokowa n'kuyambiranso."

"Nanga mukudikira chiyani?"

"Ndi chinthu chomaliza chimene anachigwira, alamu."

"Inenso anandigwira dzanja komaliza kuchipatala kuja," anatero mayiyo. "Koma ndimasamba m'manja."

Anamanga chitenje chake, anatsanzika, n'kumapita.

Munthu uja anatsala yekha ndi gudumu pamiyendo. Anatenga pulayala. Sipoko yoyamba inamuvuta, ngakhale inali yodyeka kale. Anaidula. Anadula inayo, ndi inayo, mpaka habu inagwera m'dzanja lake. Anaitsuka m'palafini, ndipo anaona kuti yapulumuka.

Tsopano panafunika kumanga, ndipo iye sankadziwa. Akanatha kutumiza kwa mmisiri wina monga ankachitira ndi magudumu ena, koma mtima wake unakana. Anachotsa gudumu lakumbuyo, analiika pabenchi, n'kuyamba kutsatira sipoko imodzi ndi chala, kuchokera pa habu mpaka pa limu, mkombero uja wogwira tayala. Anaona pamene yadutsa pamwamba pa zinzake, ndi pamene yalowa pansi. Anatsatira ina. Zonse zinkayenda mofanana. Anaona kuti pafupi ndi bowo la valavu mkulu wake anasiya mpata wotakasuka, kuti wopopa asamavutike kulowetsa pampu. Atasuzumira pabowopo anaona dzina la habu litayang'ana ndendende kumeneko. Wogula aliyense sakanazizindikira zimenezo. Malemuyo ankangozichita, chaka ndi chaka, osauza munthu.

Anayamba kumanga. Analakwitsa, anamasula, n'kuyambiranso. Ulendo wina anamangitsa mbali imodzi, limu n'kupindika ngati mbale yopondedwa. Apo anazindikira kuti gudumu salimanga ndi mphamvu, amalimanga pang'onopang'ono, kupotokola sipoko iliyonse pang'ono chabe n'kupita pa inzake, kuzungulira kambirimbiri. Pofuna kudziwa ngati zakwana, ankakhwatcha sipoko ya gudumu la mkulu wake ndi chikhadabo n'kumvetsera kulira kwake, kenako n'kukhwatcha yake. Yake ikalira motsika, ankaonjezera. Gudumu lakumbuyo silinkatopa kufunsidwa. Zonse zimene mwini wake sananene ali moyo zinali mmenemo.

Patapita masiku, gudumu lakutsogolo linazungulira mosagwedera.

Dzimbiri la pa felemu lina linachoka ndi sitiliwulu ndi oilo. Lina linakana, ndipo linasiya timadontho takuda. Dalaivala uja atadutsa kudzapereka moni, munthuyo anamuitanira m'kati, anamuonetsa timadonthoto, n'kumuuza mmene tinabwerera. Anamuuzanso gudumu limene anamanga malemu ndi limene anamanga iye.

Bamboyo anazungulitsa lakumbuyo, anazungulitsa lakutsogolo, n'kuyang'anitsitsa.

"Ine sindikusiyanitsa."

"Ine ndikusiyanitsa," anatero wamng'ono uja. "Koma likuyenda."

Anagwirizana za mtengo. Bambo waimviyo sanafune kuinyamula. Anaikwera pomwepo, mawondo akugunda mahandulo, jekete likuuluka kumbuyo. Anyamata a kabaza pa siteji anaseka.

"Madala, mwalanda njinga ya mdzukulu?"

"Mdzukulu adikire," anayankha akupalasa. "Ine ndadikira kuposa iye."

Munthu uja anaima pakhomo la shopu mpaka njinga inakhota pa msewu wa kumsika. Ankayesa kuti ikachoka, m'shopumo mukhala mopanda kanthu. Atalowa anapeza limu ina itatsamira kukhoma, imene anati aitumize kwa mmisiri wina. Anaitenga, anakhala pabenchi la mkulu wake, n'kuyamba kulowetsa masipoko.

Abale ndi alongo, ambiri a ife taika maliro, ndipo tikudziwa zimene zimatsala m'nyumba. Pali makina osokera ovundikiridwa ndi nsalu, khasu kuseri kwa chitseko, nyimbo imene sitiimbanso chifukwa ankaiyambitsa ndi malemu. Timati tikusunga. Sindikudzudzula aliyense, chifukwa chikondi ndicho chimatikutitsa zinthuzi. Koma chokutidwa chimadyeka mwakachetechete, ndipo mwini chisoni amakhala womaliza kudziwa.

Amene anapita anatisiyira zambiri kuposa zimene anatiuza. Anazisiya m'ntchito za manja awo, mmene ankasokera mpendero, mmene ankalandirira mlendo, mmene ankapepesera. Zimenezo sizioneka kwa munthu woopa kukhudza. Mukafika kunyumba, vundukulani chimodzi chokha. Chiyang'anitsitseni, muone mmene anachichitira, ndipo muchigwiritse ntchito. Ngati pena pafunika kudula, dulani. Ndiko kuthokoza kumene tingathe, ndipo n'kokwanira.