Dzina la Uchi wa a Chikhosi

Ana inu, ku Ntchisi kudali mlimi wa njuchi dzina lake Yotamu Chikhosi. Uchi wake udali wosasakaniza, ndipo mahotela a ku Lilongwe ankaulimbirana. Malonda atakula, iye adatsegula tsamba pa intaneti, nalembetsa dzina loti ogula azimupezera. Dzinalo adalisindikiza pa botolo lililonse.

Tsono dzina la pa intaneti sagula kamodzi n'kuiwala ayi. Amachita kubwereka, ndipo chaka chikatha umalipiranso. Ukapanda kutero, tsamba limatsekedwa, eni kaundula amakudikira masabata angapo, kenako dzinalo amalisiya poyera kuti aliyense alitenge.

Chaka chitatsala pang'ono kutha, uthenga udafika pa foni. Mkazi wake, Nachisale, ndiye adauona.

"Bambo, akuti dzina lija likutha pa mwezi uno. Bwanji tilipiriretu?"

"Mayi, dzinalo ndi langa," adatero Chikhosi akupala phula. "Ndani kuno sadziwa mwini wake? Tikatha kufula ndikaona."

Adafula, uchi n'kudzaza zidebe. Uthenga wachiwiri udabwera, wachitatunso. Tsamba litatsekedwa, Chikhosi sadatekeseke, poti ogula akale ankamuimbira foni. Iye ankangoti Lolemba, Lolemba likafika ankati Lachisanu.

Patapita miyezi itatu, mkulu wa hotela ina adamuimbira mawu ali owuma.

"A Chikhosi, taitanitsa mabotolo makumi asanu pa tsamba lanu. Mwatitumizira madzi a shuga. Alendo athu adandaula."

Chikhosi adatsegula tsambalo. Dzina lidali lomwe lija, koma nambala ya foni idali ya munthu wina, wamalonda wa ku Kasungu wotchedwa Gomani Mwase. Iyeyu adalipeza dzinalo lili poyera, nalilembetsa mwalamulo.

M'mawa mwake Chikhosi adakwera basi. Munthu amene sadagwadirepo mnzake adagwada m'sitolo ya Mwase, chipewa chili m'manja.

"Achimwene, ndibwezereni dzina langa. Ndatha zaka zisanu ndi ziwiri ndikuweta njuchi kuti anthu andikhulupirire."

"Sindidabe, bambo," adayankha Mwase mosakweza mawu. "Mudalisiya, ine ndidatola. Ngati mukulifuna, mtengo wake ndi ming'oma yanu yonse."

Chikhosi adadzuka, nasasa fumbi m'mawondo, nabwerera kwawo. Ming'oma sadagulitse. Tsiku lomwelo adalembetsa dzina lina, nalipiriratu zaka zisanu. Koma m'nyumba mudali mabotolo oposa chikwi oyalidwa pansi, onse olozera ogula kwa Mwase. Kwa sabata yathunthu adakwawa pakati pa mabotolowo ndi kampeni, kukanganula mapepala akale limodzilimodzi. Nachisale adamuthandiza.

Ogula ena adabwerera atamva nkhani yake, ena adapitiratu. Anansi amene adamuona akukwawa adamutcha Zengerezu, ndipo iye sadakane dzinalo.

N'chifukwa chake timati, "Zengerezu adalinda kwawukwawu." Kuzengereza ndi kukankhira mawa chinthu choyenera lero, ndipo kwawukwawu ndi kuyenda ndi mawondo. Ntchito imene ukadaigwira uli chilili, ukaichedwetsa umadzaigwira chokwawa, ndipo nthawi zina ngakhale utakwawa chotayikacho sichibwerera.