Chithunzi cha Khumi ndi Chiwiri

Bonifácio atasiya seminale, sukulu ya ansembe, m'chaka cha 1956, anabwerera kwawo ku Mualadzi ndi manyazi pamodzi ndi makina ojambulira zithunzi. Makinawo anamupatsa padiri wina wokalamba wokonda tizilombo, ndipo anali ndi kagalasi kovekera kutsogolo. Kagalasiko kakavekedwa, diso la chiwala linkakula ngati dzira la njiwa, koma chilichonse chotalikira kuposa chikhatho chinkasanduka nkhungu.

Mmawa uliwonse mame asanaume, ankagona chafufumimba m'dimba la amayi ake, a Eneles, pakati pa mpiru ndi therere, kudikira kangaude wa mizere yachikasu kuti atsike pa ukonde wake. Ankatha kugwira mpweya mpaka mphepo italeka. Kwa tizilombo anali woleza mtima zedi. Kwa anthu ayi.

"Iwe Boni," anatero amayi ake tsiku lina atatsamira khasu, "kodi anakubala ndi kangaudeyo? Undijambuleko ine, nditumize kwa mkulu wako Lourenço ku Sozibele. Zaka zisanu ndi zinayi sanandione. Mwina akaona imvizi adzakumbuka njira ya kwawo."

"Mawa, amayi. Filimu ili ndi malo khumi ndi awiri okha, ndipo kangaude sadikira. Inu muli pompano."

"Ndili pompano ngati mlambe, eti?"

Kawiri konse mayiyo anasamba, nadzola mafuta a nsatsi, navala kapulana, nsalu yake ya ku tchalitchi, nakhala pakhonde manja ali pa maondo. Ulendo woyamba chiswamphika chinagwira gulugufe pa tsamba la dzungu, Boni n'kuthamangira komweko. Wachiwiri anati kuli mitambo. A Eneles anapinda kapulana ija.

Mvula itayandikira, anafika Solomoni, wanjinga amene ankanyamula makalata kukapereka ku galimoto yopita ku Tete, kumene ankatsuka mafilimu.

"Ngati uli ndi katundu bwera naye pano," anatero osatsika panjinga. "Mitsinje ikadzaza simundionanso."

Pa filimu panatsala malo amodzi. Boni anaitana amayi ake, amene ankachokera kudimba miyendo ili matope okhaokha.

"Chonchi, mwanawe? Mkulu wako akandione ngati ndatuluka m'una?"

"Ingoimani pomwepo, amayi. Musagwedezeke."

Anaima chilili, akuseka, dzanja likufuna kubisa pakamwa. Pa kazenera koyang'anira ankaoneka bwinobwino, choncho Boni sanakumbukire kuti kagalasi ka tizilombo kanali kakadali pamalo pake. Anadina, nakulunga filimu, Solomoni n'kupalasa.

Mitsinje inadzazadi. Chimanga chikumasula, chibayo chinawagwira a Eneles, ndipo patatha masiku anayi anamwalira. Lourenço sanafike pamaliro. Kalata yake inabwera mvula itatha, m'thumba limodzi ndi zithunzi zija. Inali ya mizere yochepa: "Mng'ono wanga, ndamva uli ndi makina. Nkhope ya amayi yayamba kundithawa m'mutu. Nditumizireko chithunzi chawo."

Boni anayala zithunzizo pamphasa. Khumi ndi chimodzi zinali zakuthwa ngati lumo. Ubweya wa pa miyendo ya kangaude munthu akanatha kuuwerenga. M'dontho la mame munkaoneka dimba lonse litazondoka. Cha khumi ndi chiwiri chinali utsi woimirira, wotuwa pamwamba, wakuda pansi.

Amayi ake aang'ono, a Marta, amene anayamwa bere limodzi ndi malemuwo, anachitola. Anachiyandikiza kumaso, nachitalikitsa, nachitembenuza mutu pansi.

"Nanga ichi ndiye kachilombo kanji, Boni?"

Boni anachilandira m'manja mwawo. Anakhala pomwepo mpaka mthunzi wa nkhokwe unamupitirira, pepala loyankhira mkulu wake lili pa bondo, loyera.

Mnyamata amene anadikira kangaude milungu yathunthu anawapatsa amayi ake kamphindi kamodzi, kotsalira. Akuluakulu sananame pamene anati Zengerezu adalinda kwaukwau.