Ulalo umene Kanyumbu anadula

Kalekale, makolo athu akuthawa nkhondo ya ogwira akapolo, panali kagulu ka amuna amene sankanyamula mikondo kapena zishango. Iwo ankayenda patsogolo pa ankhondo atasenza nkhwangwa ndi mitolo ya luzi, akulambula njira, kukumba maenje okola adani ndi kumanga maulalo pamitsinje. Anthu ankawatchula kuti Amaulalo. Ankhondo ankawaseka kuti ndi amuna opita kunkhondo kukatola nkhuni, koma akafika pamtsinje wodzaza, oseka aja ankakhala pansi ngati ana n'kumadikira.

Mkulu wawo anali Kanyumbu, mwana wa Nasoko, amene anaphunzira ntchitoyi kwa malume ake a Mpotazingwe. Ife olemba zino tinachokera mwa mwana wake wamkazi Tiyesenji. Amaulalo anali ndi mwambo wawo: womanga ulalo ankawoloka woyamba, ndipo a m'nyumba mwake ankawoloka omalizira, kuti anthu aone kuti mwini wake akuukhulupirira ngakhale utapondedwa ndi mtundu wonse.

Chaka china, mvula ili pakati, anthu anafika pamtsinje wa Namphasa utadzaza mpaka m'khosi, adani ali m'mbuyo ulendo wa masiku awiri. Kanyumbu ndi anzake anapota zingwe za chilambe mpaka m'manja munatuluka magazi, nayala nsungwi, ndipo m'mawa wa tsiku lachitatu ulalo unali utagwira tsidya.

Mkazi wa Kanyumbu, Nambewe, anali ndi pakati potopa, miyendo itatupa. Mtsogoleri wa ankhondo, Mkuzi, atamuona anati, “Akulu, mayiwa atsogole. Taonani mmene akuyendera.”

Kanyumbu anayankha, “Iyayi. Malume anga sanatero, ine ndiye ndiyambe? Anthu adzati ndikukayika ntchito yanga.”

Pamenepa ndinene poyera, ngakhale ndi kholo langa: kumeneku kunali kuuma mutu. Palibe ndi mmodzi yemwe amene ankakayika ulalowo.

Kanyumbu anawoloka woyamba, nakaima pafupi ndi zingwe ndi nkhwangwa yake. Anawoloka ana, nkhalamba, mbuzi, kenako ankhondo. Dzuwa litapendeka, Tiyesenji anawoloka atasenza mphika, ndipo Nambewe anaponda pa nsungwi, womalizira wa onse. Asanafike n'pakati pomwe, adani anatulukira m'thengo. Ataona kuti njira ilipo, anakhamukira pa ulalo akuthamanga, pomwe mayi uja ankangokoka phazi limodzilimodzi.

Anthu onse anali pamtetete, ana ali kumsana, kothawira kulibe. Adaniwo akanangoponda tsidya lino, mtundu ukanathera pomwepo. Mkuzi anangoyang'ana Kanyumbu. Nambewe anacheuka, naona kuti mdani wotsogola watsala pang'ono kumugwira, ndipo anafuula, “Bambo a Tiyesenji, mukudikira chiyani? Dulani! Mwana ali kumeneko!”

Kanyumbu anatema kawiri. Ulalo unagwa pamodzi ndi onse amene anali pamenepo. Akuluakulu amanena kuti madzi atawameza, Namphasa anakhala chete masiku atatu, akuthamanga ndi mphamvu yake yonse koma osamveka mkokomo, kotero kuti kulira kwa Tiyesenji kunkamveka mpaka kumapiri.

Anthu anapulumuka, namanga midzi imene tikukhalamo lero. Kanyumbu anatsata mtsinje mwezi wathunthu kufunafuna thupi la mkazi wake, koma sanalipeze. Atabwerera sanakwatirenso, ndipo mphwake atamupempha kuti amuphunzitse mwambo wa Amaulalo, anamuphunzitsa kupota ndi kumanga basi, za kawolokedwe sanatchule.

Manda a Nambewe kulibe. Koma pitani padooko la Namphasa nthawi ya dzinja mukaone. Mayi woyembekezera akangotulukira, ngakhale pali maliro kapena mfumu ikudikira bwato, amuna onse amapatuka, ena mpaka kutsika m'bwato momwe anali atakhala kale, ndipo palibe amene amawoloka mayiyo asanaponde tsidya.