Voti ya Ana a Nangozo

Kalekale, m'dambo lina lalikulu munali sikimu ya mpunga. Madzi ankachoka mumtsinje, n'kulowa pachipata chachitsulo, n'kutsika m'ngalande imodzi yokha. Ankayamba kuthirira minda ya kumtunda, n'kumalizira ya kumunsi. Kiyi wa chipatacho ankasunga wapampando wa sikimu, ndipo amene wagwira kiyiyo ndiye ankati uyu adye, uyu agone ndi njala.

Kwa zaka zambiri wapampando anali mayi wina wamasiye, a Nangozo. Munda wawo unali kumunsi kwenikweni, kumene madzi amafika atatopa, choncho ludzu la mpunga ankalidziwa. Ankagawa madzi mosayang'ana nkhope: lero kumtunda, mawa kumunsi. Anali ndi ana atatu, onse akuluakulu ndiponso alimi a m'sikimu momwemo. Woyamba anali Binisoni, wachiwiri anali wamkazi, Ndaziona, ndipo chitsirizira anali Lufeyo, amene anakwatira kumtunda n'kumakhala pachikamwini.

Chaka china mtsinje unaphwa kwambiri, ndipo chaka chomwecho chinali cha chisankho. Tsiku lotchula mayina a opikisana linapeza a Nangozo ali gone kuchipatala, miyendo itatupa. Pamsonkhanopo panaimirira a Mkwezalamba, bambo wa kumunsi komweko, wokonda kachasu ndiponso wofuna mpando.

"Munthu wogona pabedi la chipatala angatsegule chipata?" anatero. "Nkhalamba ipume. Yadya zokwanira."

Anthu ena anaseka, ena anawerama. Dzina la a Nangozo linasiyidwa, ndipo papepala lovotera panalembedwa mayina awiri. Lina linali la a Mkwezalamba omwewo, amene ndi uchidakwa wawo wonsewo sakanatseka madzi a kumunsi, poti nawonso ankalima komweko. Lina linali la a Kachingwe, mlimi wamkulu wa kumtunda, apongozi ake a Lufeyo. Iwowa sankabisa. Ankanena poyera kuti madzi achepa, ndipo kuli bwino minda ina ibereke kusiyana n'kuti yonse ife.

Tsono lamulo la sikimuyo linkati pansi pa mayina pazikhala mzere wopanda kanthu. Munthu wosafuna onse olembedwawo ankatha kulembapo ndi dzanja lake dzina la mlimi aliyense, ndipo voti yake inkawerengedwa. Koma chiyambire sikimu, palibe anapambanapo kudzera pamzerewo.

A Nangozo anatuluka m'chipatala chisankho chisanafike. Ana awo anadzakhala pakhonde n'kuwafunsa chochita.

"Ana inu, musandifunse," anatero mayiwo. "Ndikati lembani dzina langa, adzati nkhalamba yakakamira mpando. Ndikati musalembe, ndiye kuti ndavomera kuti ndinkadya za anthu. Pakamwa panga anditseka."

Anawo anabalalika, aliyense ndi mtima wake.

Binisoni anati mayi ake sangafufutidwe ngati choko ali moyo. Anayenda khomo ndi khomo kumunsi konse akuuza anthu za mzere wopanda kanthu uja. Ambiri anamuyankha kuti kuchonga amatha, koma kulemba ayi. Iye sanabwerere m'mbuyo. Ankakhala nawo pansi, n'kusalaza dothi ndi chikhatho, n'kumalemba ndi kamtengo: NANGOZO. Azigogo a manja onjenjemera ankatsatira chilembo ndi chilembo mpaka atachigwira. Patsiku lovota, Binisoni analowa m'kachipinda, n'kulemba dzina la mayi ake mozama mpaka bolopeni inaboola pepala.

Ndaziona analira poyamba, kenako anapukuta misozi n'kupita kwa mlongo wake Binisoni.

"Achimwene, madzi ndi ochepa kale, inu mukuwagawanso m'ngalande ziwiri. Kumtunda onse ali pa munthu mmodzi. Ife tikagawikana tatha."

"Ndiye ukachonge munthu amene anatukwana amayi?"

"Chipongwe sichiumitsa mpunga, achimwene. Kiyi ndiye amaumitsa."

Nayenso anayenda khomo ndi khomo, kuchonderera anthu kuti ameze mkwiyo. Ena anamumvera, ena anamunena kuti wagulitsa mayi ake. Patsiku lovota anatseka maso, n'kuchonga a Mkwezalamba. Atatuluka anakasamba m'manja kungalande.

Lufeyo sanayende khomo la munthu. Iye ankakhala kumtunda, ndipo ankaona ndi maso ake kuchuluka kwa anthu a apongozi ake. Anadziwa kuti kumunsi kwagonja kale. Choncho m'mawa wina anakagwada pabwalo pa a Kachingwe.

"Bambo, voti yanga ndi ya mkazi wanga ndi zanu. Ndikupempha chinthu chimodzi. Mukadzatseka madzi, munda wa amayi anga usadzaume."

A Kachingwe anamuyankha kuti, "Mkamwini, ndamva. Mayi anu sadzagona ndi njala."

Patsiku lovota, Lufeyo anachonga apongozi ake, osauza mbale wake aliyense.

Mabokosi anatsegulidwa masana, anthu onse akuona. Mapepala anaunjikidwa milu itatu. Mulu wa a Nangozo unali waukulu kuposa mmene aliyense ankaganizira, ngakhale kuti mapepala ena anatayidwa chifukwa zilembo zake sizinkawerengeka. Mulu wa a Mkwezalamba unali waukulupo. Koma a Kachingwe anapambana, ndipo anaposa a Mkwezalamba ndi mavoti osakwana zala za dzanja limodzi. Milu iwiri ya kumunsi ikanakhala umodzi, bwenzi a Kachingwe atagwa kutalitali. Aliyense anaziona zimenezi, ndipo panalibe chochita. Bokosi likatsegulidwa silibwezedwa.

Dzuwa litakula, a Kachingwe anachita zomwe ananena. Anatseka ngalande pakati. Anthu a kumunsi anapita kukadandaula, koma a Kachingwe anawauza kuti munavota nokha. Anayesa kutunga madzi ndi ndowa kumtsinje, koma mpunga sumwa za m'ndowa. Nthaka inang'ambika mpaka phazi la mwana kumalowa m'ming'alu. Mpunga unachita chikasu uli ndi pakati, n'kuuma chiimire. Munda wa Binisoni unauma. Wa Ndaziona unauma. Wa a Mkwezalamba nawo unauma.

Koma a Kachingwe anasunganso lonjezo lina lija. Anatumiza antchito awo kukumba kangalande kakang'ono kolambalala minda yonse ya kumunsi, kukathera m'munda wa a Nangozo. Pakati pa dambo lofiira ngati lapsa ndi moto, munda umodzi wokha unali biriwiri, ngala zitawerama ndi kulemera.

A Nangozo sanapemphe madziwo, ndipo sankadziwa chifukwa chake akubwera. Anayesa kuboola mzere wa m'malire a munda kuti madzi ena agwere kwa oyandikana nawo, koma alonda a wapampando watsopano anatseka, n'kuwachenjeza kuti akabwereza, kangalandeko kakwiriridwa. Anthu anayamba kuwalambalala panjira. Tsiku lina anakumana ndi mnzawo wa kuubwana, a Nasibeko, atasenza mtolo wa mpunga wouma woti akadyetse mbuzi.

"Anzanga," anatero a Nasibeko, "dzina langa sindidziwa kulemba. Ndinaphunzira lanu, pansi, ndi kamtengo. Lero mpunga wabereka kwa inu nokha."



Mpungawo unakololedwa, ndipo ndi womwewo umene unapulumutsa banja lonse chaka chimenecho. Ana a Binisoni anadya. Ana a Ndaziona anadya. Mwini wake ankangotapa pang'ono n'kukankha mbale. Mabanja ena a kumunsi anasamuka kukafuna maganyu kutali, ndipo ena sanabwererenso.

Posakhalitsa miyendo ya a Nangozo inatupanso, ndipo anadziwa kuti m'matope sadzalowanso. Lamulo la sikimu silinkalola kugawa munda. Unkayenera kupita kwa munthu mmodzi. Anaitana ana awo pamodzi ndi mlongo wawo, a Chakanza, amene anali mwinimbumba.

"Munda uwu ndikufuna ndiusiyire mwana amene anandichitira zabwino pachisankho chija," anatero. "Koma ine ndalephera kumudziwa. Nenani nokha, malume anu amve."

Binisoni anati: "Onse atakutayani, ine ndinalemba dzina lanu. Anthu anaona kuti simunali wakuba."

Ndaziona anati: "Dzina sitidya. Inu munkasunga kiyi kuti anthu onse adye, ndipo ine ndinavotera zimenezo. Achimwene akanandimvera, dambo lonse likanabereka."

"Iwe ukanandimvera ine, amayi akanapambana," anayankha Binisoni.

Apa m'pamene Lufeyo anaulula zimene anapangana ndi apongozi ake. "Nonse awiri munaluza," anatero, maso ali pansi. "Mpunga umene ana anu adya chaka chino, ndinagula ndi voti yanga."

"Unagulanso chidani chimene amayi akufa nacho," anatero Ndaziona.

A Chakanza anavula chipewa, n'kuchitembenuzatembenuza m'manja. Anayang'ana uyu, n'kuyang'ana uyo. Pomaliza anangoti, "Mlongo wanga, mlandu uwu wandikulira."

Tsono ndaubweretsa kwa inu amene mwakhala panonu. Wina anasunga dzina la mayi ake, n'kugawa mavoti a anthu ake. Wina anafuna kupulumutsa dambo lonse, n'kuchonga munthu amene anatukwana womubereka, koma osapulumutsa kanthu. Wina anadyetsa banja, n'kupereka kiyi kwa amene anaumitsa minda ya anzawo. Inuyo mukanakhala a Chakanza, munda uja mukanapatsa ndani?